Kupita ndi ana asukulu ku Botanic ya ku Zomba: konzani chonchi kuti usakhale ulendo wongokadya mandasi

Mvula ikangokata foni yanga siipuma. "Sala, paja munapita ndi ana anu ku Botanic, munatani kuti akupatseni munthu wokufotokozerani mitengo?" "Kodi timangofika kapena pamafunika kalata?" Ndayankha mafunso amenewa pa WhatsApp, kumaliro, ngakhale pamzere wa ku banki tsiku la malipiro. Ndatopa nawo. Ndalemba pano kamodzi, ndipo wofunsanso ndizingomutumizira zomwezi.

Ndimaphunzitsa Biology ndi Agriculture pa CDSS ina, choncho zitsanzo zanga ndi za ana a sekondale. A pulayimale, a kalabu ya zachilengedwe ndi a gulu la achinyamata a ku tchalitchi mungotengapo zokukwanani.

1. Sankhani chinthu chimodzi chokaphunzira

Musanafunse za basi, tsegulani silabasi. "Tikukaona zachilengedwe" si cholinga ayi, zachilengedwe ana amaziona tsiku ndi tsiku pobwera kusukulu. Nenani molunjika: tikukaphunzira kusiyanitsa zomera poyang'ana masamba kuti ana athe kupanga dichotomous key yawoyawo, ndiye kuti mndandanda wa mafunso a mayankho awiriawiri wothandiza kupeza dzina la chomera. Kapena tikukasiyanitsa mitengo yachilengedwe ndi yobwera. Kapena tikukaona mmene amafesera njere za mitengo ku nazale. Chimodzi basi.

Botanic ndi gadeni yosungiramo mitengo ndi zomera zamitundumitundu. Malowa ndi aakulu, mahekitala pafupifupi 50 m'tsinde mwa phiri la Zomba, otsetsereka, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo. Simungamalize zonse m'mawa umodzi. Mukapita opanda cholinga, gaidi, ndiye kuti wantchito amene amayenda ndi alendo n'kumawafotokozera, adzakuyendetsani njira imene amayendetsa aliyense. Kumeneko sikulakwa kwake. Simunamuuze chimene mwadzera.

2. Lembani kalata, kenako imbani foni

Gadeniyi ili m'manja mwa bungwe la boma la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba komweko. Bungwe lomweli ndi limene limasamala magadeni a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Anzanga a chigawo chapakati ndi kumpoto, musaphe makolo ndi ndalama ya basi yofika ku Zomba pamene gadeni ili pakhomo panu. Njira yopemphera ndi yomweyi.

Kalata ikhale pa pepala la sukulu, ahedi asayine, chidindo chikhalepo. Itumizeni kudakali masabata awiri kapena atatu. Mulembemo tsiku ndi ola lofikira, tsiku lina lachiwiri ngati loyambalo silingatheke, chiwerengero cha ana ndi kalasi yawo, chiwerengero cha aphunzitsi, mutu umene mwasankha uja, ndi nambala ya foni ya mphunzitsi amene akutsogolera ulendowo, osati ya ahedi. Mupemphe mwachindunji zinthu zitatu: munthu woyenda ndi ana, phunziro lachidule ana atakhala pansi asanayambe kuyenda, ndi mwayi wolowa mu herbarium, nyumba yosungiramo zomera zouma, ngati mukuufuna. Zimene simunapemphe m'kalata musakaziyembekezere pa geti.

Pakapita masiku atatu imbani, mumve ngati kalata inafika ndi amene waipatsidwa. Pomwepo funsani za ndalama zolowera komanso ngati ana asukulu ali ndi malipiro awoawo, popeza zimenezi zimasintha ndipo zimene analipira mnzanu chaka chatha si za lero. Pa foni munene kuti "ndalama zolowera". Kwa anthu amenewa mukati "tiuzeni mitengo yanu" angayambe kukuwerengerani mbawa ndi mlombwa.

Kusukulu nako malizani zanu: makalata a makolo ovomereza, osayinidwa, ndiponso afunseni ahedi ngati a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera) kapena a ku divishoni ayenera kudziwitsidwa.

3. Pewani Loweruka

Ulendo wanga woyamba ndinauika Loweruka poopa kusokoneza makalasi, ndipo sindinalembe kalata. Ndinatsika pa geti ndi ana opitirira 80 ngati ndafika pamsika. Akatswiri amene ndinkawafuna ndi anthu a ofesi, amagwira ntchito mkati mwa sabata. Amene tinawapeza ndi akwati awiri ndi aperekezi awo akujambulitsa pa kapinga, kwaya ina ikujambula vidiyo cha kumtsinje. Atsikana anga anathera pa diresi la mkwatibwi, anyamata pa kamera. Lolemba nditafunsa chimene anaphunzira, mwana wina anayankha ndi mtima wonse kuti, "Sala, keke inali ya masitepe atatu."

Sankhani Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi, mufike cha m'ma 8:30 dzuwa lisanakwere. Ochokera ku Blantyre, mtunda sukwana makilomita 70 pa msewu wa M3, koma ana sasonkhana pa nthawi, ndiye auzeni ola loyambirira kuposa lenileni.

Nyengo nayo itsatire phunziro lanu. Meyi ndi Juni masamba amakhala adakali obiriwira ndipo njira zauma, ndi nthawi yabwino ya phunziro la masamba, kungoti ku Zomba kumazizira ndipo chiperoni chikhoza kukupezani, ana anyamule majuzi. Seputembala ndi Okutobala mitengo yambiri imaphuka masamba atsopano ndi maluwa, ina njere zake zili mbwee pansi. M'dzinja pamaterera ndipo Mulunguzi amadzaza. Ine ndi ana sindipita nthawi imeneyo.

4. Kayendereni malo nokha tsiku lisanafike

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, chonsecho ulendo umakoma kapena kuwonongekera pomwepa. Kudakali sabata, kwerani minibasi nokha, mukakumane ndi amene adzayende ndi ana anu. Ndalama yake muiike mu bajeti ya ulendo, musachite nayo manyazi.

Mukafika musayambe ndi kulamula. Munthuyo wakhala ndi mitengo imeneyi zaka, inu mumaidziwira m'buku. Muuzeni mutu wanu, mumuonetse tsamba la silabasi, kenako muti, "Bambo, pa zimenezi mungationetse mitengo iti?" Yendani naye njira yonseyo ndi wotchi m'manja. Mugwirizane zomera khumi, zikachulukitsa khumi ndi ziwiri. Gaidi wodziwa ntchito amafuna kuonetsa zonse zimene amazikonda, ndipo mukamulekerera atchula mayina makumi asanu pa ola limodzi, ana n'kubwerako ndi mutu wopweteka wopanda dzina ngakhale limodzi. Khumi zimene mwana wazigwira, wazinunkhiza ndi kuzijambula zimakhala m'mutu mpaka pa MSCE.

Mwa khumizo mupemphe kuti zitatu kapena zinayi zikhale zimene ana amazidziwa kale kumudzi, zina zikhale zobwera, kuti pakhale chofanizira. Ana ambiri amadabwa kumva kuti bulugamu kwawo ndi ku Australia, malaina ndi mango kwawo ndi ku Asia. Amaona ngati zinamera ndi dziko.

Mugwirizanenso za chilankhulo. Ine ndimapempha kuti afotokoze m'Chichewa, koma mawu a mayeso awatchule m'Chingerezi ndi kuwabwereza kawiri. Mukapanda kunena, ena akaona yunifolomu ya sekondale amayamba Chingerezi cha ku koleji, ana n'kumangogwedeza mitu mwaulemu osamva kanthu.

Pa ulendo womwewu onani pamene pali zimbudzi, pamene ana angakhale pansi onse pamthunzi, pamene basi idzaime, ndi malo oterera oti muwalambalale.

5. Konzekerani nkhani ya mayina

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ana amasokonekera ndipo aphunzitsi ambiri timangoti "kopelani zimene zalembedwazo."

Pa mitengo yambiri m'gadeni yotere pamakhala kachikwangwani kokhala ndi mawu awiri a Chilatini. Kalembedwe kameneka anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753. Ana ndimawauza kuti liwu loyamba ndi chiwongo, lachiwiri ndi dzina la mwini. Mkuyu ndi Ficus sycomorus, ndipo kachere nayenso ndi Ficus. Awa ndi a chiwongo chimodzi, ngati a Phiri awiri. Umboni ulipo: onse amatuluka utomoni woyera, ndipo onse maluwa awo amabisala mkati mwa chipatso. Funsani ana kuti ndani anaonapo duwa la mkuyu. Adzayang'anana. Ndiye gaidi ang'ambe nkhuyu yogwa pansi, aone timaluwa tili mkati ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa pa kabowo ka kunsonga kukabereketsa.

Tsono mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, muwanga ndi Pericopsis angolensis. Ana akaona "angolensis" kawiri amathamangira kunena kuti ndi mtundu umodzi. Ayi. Awa ali ngati Chimwemwe Banda ndi Chimwemwe Phiri, dzina lofanana koma ziwongo zosiyana. Liwulo likungotanthauza kuti "wa ku Angola". Ubale wawo uli patali pang'ono, pa banja lalikulu lotchedwa Fabaceae, mmene mulinso nyemba, nandolo ndi mtedza. Mwana savomera kuti chimtengo cha matabwa a zitseko ndi m'bale wa nandolo wa m'munda mwa amayi ake mpaka ataona maluwa kapena zikhokhombe zake. Nyamulani nandolo wosasenda m'thumba, adzakuthandizani.

Vuto lachiwiri ndi mayina athu. Mtengo umodzi uli ndi mayina angapo, ndipo dzina limodzi limagwira mitengo ingapo. Umene Mchewa amati mlombwa, Myao amati mtumbati, ndipo ogula matabwa ku Mozambique amati umbila. M'kalasi ya ku Zomba, Machinga kapena Phalombe muli ana olankhula Chiyao, Chilomwe ndi Chinyanja kunyumba, ndiye gaidi akatchula dzina limodzi ena amatsutsa chamumtima. Kwinaku dzina loti mkungudza anthu amalipereka kwa mtengo uliwonse wa masamba ang'onoang'ono wonunkhira utomoni, ngakhale saipuresi wa pampanda. Mkungudza weniweni wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei, umene mwachilengedwe umapezeka pa phiri la Mulanje pokha ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Mikungudza ya ku Lebano imene timawerenga m'Baibulo ndi mtengo winanso. Apa ndi pamene mwana amamvetsa yekha chifukwa chake akatswiri anafuna dzina limodzi la dziko lonse, popanda inu kumulalikira.

Chochita chake ndi ichi. Sabata ulendo usanachitike, mwana aliyense akafunse agogo, amalume kapena aliyense wachikulire mayina a mitengo itatu, chilankhulo chake, ndi ntchito yake. Mu kope ajambule mizere inayi: dzina la kwathu, dzina limene gaidi wanena, dzina la pa chikwangwani, ndi chimene ndauzindikirira. Mzere wachinayiwo ndiye wofunika kuposa yonse. Musalole mwana kulembamo "ndi wautali" kapena "ndi wobiriwira". Alembe kuti khungwa ndi losweka ngati nsana wa ng'ona, masamba amakhala awiriawiri moyang'anana, tsamba ukalifikisa limanunkha. Gaidi muuzeni kuti pa mtengo uliwonse ayambe wafunsa ana kuti, "Kwanu mumautcha chiyani?" asanatchule lake. Mudzaona mwana amene m'kalasi salankhula, uja wochokera kumudzi kwenikweni, akusanduka mphunzitsi wa anzake a m'tauni.

Mayina a Chilatini ena ndi a anthu, ndipo amenewa amatsegula nkhani ya History. "Whytei" uja ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda pa nthawi ya Harry Johnston, mkulu wa bomalo. Whyte yemweyo ndi amene anayambitsa gadeni ya ku Zomba mu 1891 ngati malo oyesererapo mbewu zochokera kunja. Msuku ndi Uapaca kirkiana, kuchokera kwa John Kirk amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi Shire. Ine ndimaima pamenepo n'kufunsa ana kuti, kodi makolo athu anayamba kudya masuku Kirk atabwera? Nanga amene anamulozera mtengowo ndi kumunyamulira katundu, dzina lake lili pati? Sindiyankha. Amakangana okha mpaka m'basi.

Chenjezo limodzi: mayina a sayansi nawo amasintha akatswiri akafufuzanso. Mbawa m'mabuku akale ndi Khaya nyasica, m'mabuku ambiri a pambuyo pake ndi Khaya anthotheca. Buku lanu likasiyana ndi chikwangwani musayambe kutsutsana ndi gaidi pamaso pa ana. Lembani onse awiri.

6. Gawani ana, ndipo musamusiyire gaidi ntchito yanu

Munthu mmodzi sangalankhule ndi ana 60 panja. Akutsogolo khumi amamva, otsalawo amakankhana kumbuyo. Gulu lisapitirire ana 20. Ngati gaidi ndi mmodzi, pangani magulu atatu osinthana pakatha mphindi 30 kapena 40: lina likuyenda ndi gaidi, lina lakhala ndi mphunzitsi likujambula masamba ogwa ndi kupanga key yawo, lina likuyeza mitengo. Poyeza, akulunge chingwe pa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, monga amachitira a zankhalango, ayeze chingwecho pa rula, agawe ndi 3.14 kuti apeze kunenepa kwa mtengo. Mphunzitsi wa masamu mukamuuza zimenezi amadzipereka yekha kubwera nawo.

Pa mtengo uliwonse ana aime ngati uta, aafupi kutsogolo, gaidi asayambe wotsiriza asanafike. Pafupi ndi mtsinje musaimepo pofotokoza, mkokomo wa madzi umameza mawu. Mwana akafunsa funso, inu libwerezeni mokweza kuti onse amve.

Ndipo aphunzitsi anzanga, izi ndikunena ndi chikondi: kufika ku Botanic si holide yanu. Ndaonapo aphunzitsi atatu atakhala pa benchi ndi mafoni, gaidi akulimbana yekha ndi ana amene sakuwadziwa ngakhale dzina. Mwambo wa ana ndi wanu. Mphunzitsi mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo kwenikweni.

Funso la mankhwala lidzabwera, musakayike. Ana amafuna kudziwa kuti uwu umachiza chiyani, ndipo anyamata a Fomu 3 akangomva dzina la mvunguti kuseka kumayamba. Kambiranani ndi gaidi pasadakhale kuti anene ntchito imene anthu amaugwiritsa mtengo, koma asapereke muyezo kapena kaphikidwe. Lamulo kwa ana likhale lomveka: osathyola, osalawa, osatola njere kuika m'thumba popanda chilolezo. Safunsa anadya phula. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso ulendo wathera kuchipatala, ndipo amene anakumanapo ndi chitedze safuna kuuzidwa kawiri.

7. Herbarium ndi chiyani, ndipo mulowemo bwanji

Ambiri amaganiza kuti ndi dzina lina la gadeni. Herbarium ndi nyumba yosungiramo zomera zouma. Katswiri amadula kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, amakapanikiza pakati pa mapepala mpaka kauma, n'kukamata pa pepala lolimba. Pakona amalemba dzina la chomeracho, amene anachitola, tsiku ndi malo. Mapepala otere amasungidwa m'makabati motsata mabanja a zomera, ndipo munthu akabwera ndi chomera chosadziwika amachifanizira ndi amenewa. Tinganene kuti ndi kaundula wa zomera za dziko.

Ya ku Zomba ndi nyumba payokha, ndiye muiikire nthawi yake. Muzilowa ochepaochepa, manja osamba, opanda chakudya kapena masamba aawisi, chifukwa mdani wamkulu wa malo otere ndi tizilombo tofumbwitsa. Pepala salitembenuza ngati tsamba la buku, chomeracho chimathetheka. Pemphani kuti awaonetse pepala lakale kwambiri limene angathe kutulutsa, ana awerenge okha chaka chake. Pemphaninso loti linatoledwa m'boma la kwawo.

8. Zonyamula ndi zina zing'onozing'ono

Kope, pensulo osati bolopeni, rula, chingwe, madzi akumwa, nsapato zotseka. Aphunzitsi munyamule ndandanda wa mayina, manambala a makolo, bokosi la chithandizo choyamba, mapadi a atsikana, ndi thumba la zinyalala. Werengani ana pokwera, potsika, musanadye, ndi pobwerera.

Chakudya chikhale m'zikwama zotseka mpaka nthawi yake. Apusi a kumeneko anazolowera anthu ndipo jumbo ya mandasi amaidziwa bwino kuposa inu. Osawapatsa kanthu. Kumtsinje osasamba, osakwera miyala pofuna chithunzi.

Woyendetsa basi mugwirizane naye polemba, ndipo musamulipire zonse m'mawa. Wina anatisiya pa geti n'kupita kukanyamula anthu a ku Liwonde, tinamudikira mpaka dzuwa kulowa, makolo akuimba foni motsatizana. Ndalama zonse zolowera mutengere lisiti, a PTA adzaifuna.

Pomaliza mwana mmodzi athokoze gaidi m'malo mwa anzake, mwakonzeratu, osati kuloza wina mwadzidzidzi. Mukabwerera lembani kalata yothokoza ku ofesi, mutchulemo dzina lake. Chaka chamawa mudzafunanso munthu yemweyo.

9. Sabata yotsatira

Musadikire kuti zizizire. Pa phunziro loyamba mukabwerera, tulukani ndi ana panja pa sukulu yanu ndi makope omwe aja, mizere inayi yomwe ija, ayambe ndi mitengo ya pabwalo. Gulu lililonse lisankhe chomera chimodzi, lidule kanthambi, likapanikize pakati pa nyuzipepala zakale ndi makatoni awiri, pamwamba njerwa. Nyuzipepala azisintha tsiku lililonse masiku oyambirira, apo ayi chimachita nkhungu. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chauma, amate pa pepala ndi kulemba dzina, tsiku, malo ndi wotola. Zimene zakukanikani kuzizindikira muzijambule bwino, tsamba, khungwa ndi duwa, mukafunse kwa gaidi uja.

Ngati munakaona za nazale, yambani kudzaza machubu mu Seputembala kuti mbande zidzakhale zokonzeka pa nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Zikwangwani za mitengo ya pasukulu ife tinadula ku zigubu zakale za mafuta ophikira n'kulemba ndi penti, dzina la kwathu pamwamba, la Chilatini pansi. Muzimangirire ndi waya womasuka, osakhoma msomali pa thunthu, ndipo waya muzimumasula chaka ndi chaka mtengo ukamanenepa.